Chitsulo cha Pazenera la Anamwino

Ndikuponyereni ndagi inu amene mwatsegula tsambali, tione ngati sukulu yanu ija inakupindulirani. Ndi nyumba yanji imene munthu amalowa osagogoda, amadya osalipira, amagona alonda atamuzungulira ngati nduna, koma tsiku lotuluka ndi limene zitseko zonse zimamutsekekera? Musakande m'mutu, mungathothole tsitsi lotsalalo. Ndi ndende. Ine sindinagonemo, koma njira yake ndimaidziwa ngati ya kuchimbudzi kwanga, chifukwa cha mwana wa mlongo wanga.

Mwanayu anthu a mumsewu mwathu anamutcha Kabwerebwere, ndipo sanamunamizire. Anayamba ndi nkhuku, n'kubwera pa mabulangete a pachingwe, kenako mawailesi a m'nyumba za eni. Akatuluka mwezi uno, mwezi wamawa ine ndili kale panjira ndi kampukutu ka sopo ndi shuga. Alonda a pageti anafika pomandifunsa za bondo langa ngati achibale. Iye ankandiuza kuti m'katimo amagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, ndipo nkhani yocheza ndi imodzi: loko uyu amatsegulidwa bwanji, galu amapusitsidwa ndi chiyani. Ankalowa ali wakuba nkhuku, n'kutuluka ndi digiri.

Ulendo womaliza kunachitika zachilendo. Kundendeko anatsegula shopu yophunzitsa akaidi kuwotcherera zitsulo, mwana wanga n'kugwera m'menemo. Anatuluka mikono ili zipserazipsera, koma maso atasiya kuyendayenda m'matumba mwa anthu. Anachita lendi kashedi kuseri kwa msika, nayamba kupanga zitsulo zotchingira mazenera. Ndiye mumve nthabwala yake: anthu omwe anawaberawo ndi amene anayamba kufola pakhomo pake. Ankati polowera khoswe amadziwa ndi khoswe.

Si onse anaseka. Kumtunda kwa msewu kuli wowotcherera wina wakalekale, wa mimba yofika msanga mwini wake asanafike, amene salola dzina lina koma Amisiri. Zaka zonsezi mageti ndi zitseko za kwathu kuno zinali za m'manja mwawo, ndipo zambiri mwa izo Kabwerebwere anazitsegulapo ndi supuni. Makasitomala atayamba kuwadutsa ngati mtengo wouma, Amisiri analowa ndale. Anadzisankhitsa kukhala wapampando wa komiti ya chitetezo, ndipo pamsika, kometa, ngakhale pamaliro, nyimbo yawo inali imodzi: wakuba akabwereza, anyongedwe. Ankati ndende za masiku ano zasanduka koleji, boma likutenga misonkho ya anthu olungama n'kumaphunzitsira mbava ntchito za eni. Mawu oti “za eni” ankawatchula akudziguguda pachifuwa.

Koma chimene chinawabaya kwenikweni ndi Anamwino. Mayi ameneyu ndi wamasiye, amagwira ntchito kuchipatala, ndipo nyumba yake ndi ya pakona, ya mpanda wa maluwa. Amisiri ankapita kukayeza mazenera ake mwezi ndi mwezi, atadzola mafuta onunkhira, koma mazenerawo sankatha kuyezedwa. Tsiku lina anapeza zitsulo zaikidwa kale, zopaka penti wobiriwira, Kabwerebwere atakhala pakhonde akumwa tiyi wamkaka m'kapu ya alendo.

Ndisakubiseni, nanenso tiyi ameneyo anandiwawa. Ine amene ndinatha nsapato panjira ya kundende, zenera langa linali lotseka ndi katoni ya sopo. Ndikafunsa, yankho linali loti mawa, Azakhali. Koma mayi wongomwetulira basi wapatsidwa zitsulo za maluwa pamwamba. Ndiye nditamva Loweruka lina kuti kwa Anamwino kwathyoledwa, pakamwa ndinati kalanga ine, koma mumtima munali kena kake kakuvina.

Kanavina kanthawi kochepa. Dzuwa lisanalowe gulu linali litafika kale pa shedi ya mwana wanga, Amisiri patsogolo, wina akugubuduza tayala, wina akufunsa amene ali ndi machesi. Ankati zitsulozo anapanga yekha, ndiye pofooka pake amapadziwa. Mwayi wake, Asajeni a papolisi yathu, mayi wamtali wosadziwa kuthamanga, tsiku limenelo anathamanga. Anamumanga unyolo kuti gulu likhutire, napita naye. Kwa ine analankhula mosazungulira: Lachinayi apita kukhoti, ndipo ndi mbiri yakeyo woweruza sadzadzutsa n'komwe mutu. Podzatuluka, manda anga adzakhala atamera kale udzu. Umboni woti anali kuti analibe. Magetsi anali atazima tsiku lonse, anthu anakhamukira kwa wometa kukaonera mpira pa kajenereta, iye n'kugona yekha m'shedi.

Tulo tilibe mboni.

*

M'mawa mwake ndinapita kwa Anamwino nditagwira pachifuwa, ndikuti mtima ukugunda cham'mbali. Anandikhazika pampando wofewa, nandimanga chopopa choyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, n'kundiuza kuti magazi anga akuyenda bwino kuposa awo. Ndinati ndiye ndi mpweya ukuchepa, andiperekeze kuseri ndikapume.

Zenera lothyoledwalo linali komweko, lija katani yake satsegula chifukwa limayang'ana kudzala la aneba. Ndinavala magalasi a malemu amuna anga, amene saonetsa bwino koma amapatsa ulemu. Zitsulozo zinali mapaipi oimirira, onenepa ngati mpini wa tsache. Pafupifupi chilichonse chinali ndi bala la sowo pakati, lolowa pang'ono n'kulekeza, ngati nzimbe imene nkhalamba yopanda mano yailuma n'kuitaya. Chimodzi chokha ndiye chinachoka chonse, ndipo icho sichinadulidwe pakati. Anachigomola kumapeto, pamwamba ndi pansi, ndi tchizulo ndi hamala, mpaka khoma kugumuka. M'maluwa munali tizidutswa ta sowo yothyoka.

Ndinafunsa chimene chabedwa. Anati wailesi ndi ayironi, zimene zinali patebulo pafupi ndi zeneralo. Ndinayesa kulowetsa mutu pampatapo, makutu anakana. Ndiye kuti munthuyo sanalowe. Anangopisa mkono ngati mwana woba shuga.

“Nanga chitsulo chochokacho chili kuti?”

Anamwino anayang'ana m'maluwa, kuseri kwa thanki, pansi pa chingwe choyanikira. Anali asanachiganizire n'komwe. Panalibe.

Ine ndalera wakuba, ndiye pang'ono ndimadziwa. Wailesi imagulitsika, ayironi imagulitsika. Koma chitsulo chimodzi chobiriwira, chogomoka uku ndi uku, chimangokuitanira mboni panjira. Amene anachinyamula anachifuna kuposa wailesi.

Ndinawafunsa ngati akukhulupirira kuti ndi mwana wanga. Akupinda chopopa chawo, anati sakudziwa, ndipo kusadziwako kukuwalepheretsa kudya.

“Kuchipatala ndasokapo anthu okhapidwa ndi akuba, Azakhali. Ndasokaponso akuba okhapidwa ndi anthu. Ulusi wake ndi umodzimodzi. Koma ngati ali iye, ndiye kuti ndine chitsiru, ndipo Amisiri adzandikumbutsa mpaka ndidzafe.”

Maso awo anali ofiira, ndipo ndinaona kuti si wailesi ikuwaliza. Nsanje yanga inadzuka kuti ilankhule. Ndinaikhazika pansi, n'kuiuza kuti idikire Lachinayi lidutse.

*

Moyang'anizana ndi nyumbayo pali benchi la mayi wogulitsa tomato, amene tonse timawatcha Amatimati. Amenewo ndinkawaopa, chifukwa mkwiyo wawo uli ndi mwini. Kalekale, nyengo yozizira, mwana wawo wakhanda akudwala chifuwa, Kabwerebwere anaba bulangete lawo lokhalo pachingwe. Mwanayo anachira, koma mayi ake sanachire.

Ndinagula mulu waukulu osanenerera, kuti pakamwa pafewe. Sipanafewe.

“Mwabwera kudzamupepesera? Musataye malovu. Ine tsiku lomunyonga ndidzatseka benchi, ndidzavala ya kutchalitchi. Mumati wasintha, wasintha. Njoka ikafundula imasanduka nyongolotsi?”

Ndinati sindinabwere kudzapepesa, ndabwera kudzamva, poti benchi lawo ndiye maso a msewu wonse. Palibe munthu amadana ndi kuuzidwa kuti amaona. Anayamba kukhuthula. Mpira kwa iwo ndi phokoso chabe, ndiye Loweruka anatsala okha mumsewu. Kajenereta ka wometa kakatsamwa, kuseri kwa mpanda wa Anamwino kunkamveka sowo, kwee kwee kwee. Anawoloka, anasuzumira pampata wa maluwa, naona msana wa ovololo yabuluu. Nkhope ayi. Wapolisi wina atawafunsa ngati anaona Kabwerebwere, iwo anati anaona ovololo, iye n'kugwedeza mutu ngati zamveka.

Ovololo yabuluu kwathu kuno amavala aliyense wogwira chitsulo.

Ndinafunsa kuti munthuyo ntchito yake ankaigwira bwanji. Apa anatsala pang'ono kumwetulira. Anati wakuba ameneyo anali waulesi: akacheka pang'ono, wakhala pa ndowa, akupuma ngati ng'ombe yokwera chitunda, akutukwana chitsulocho mpaka amake ndi agogo ake. Ndinawakumbutsa kuti mwana wanga tsiku la bulangete lija anadumpha mipanda ya anthu osatsokomola n'komwe. Anandiyang'ana moipa, koma sanatsutse.

“Nanga bwanji simunakuwe?”

“Ndikuwirenji? Ndinkayesa akukonza. Pajatu Loweruka linalo sanabe kanthu.”

Ndinaika tomato pansi. “Loweruka linalo liti?”

“La sabata yathayo. Anabwera, ovololo yomweyo, anacheka mpaka sowo kuthyoka, n'kuchoka akupukusa mutu. Palibe anandifunsa.”

*

Asajeni anandilola kuona mwana wanga nditawalonjeza kuti sindilira mokweza. Tili m'kanjira kopita kuselo anandiuza kuti atopa. Nkhope zomwezo chaka ndi chaka: iwo amazigwira, khoti limazitumiza, ndende imazibweza zitanoledwa. Za chingwe sagwirizana nazo, poti anaonapo anthu omangidwa molakwika, ndipo chingwe sichidziwa kupepesa. Koma shopu ya zitsulo ija ankaikhulupirira chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi amene amutsekera. Akapezeka wolakwa, akuluakulu amene amati akaidi safunika maphunziro koma chikwapu apeza ponenera.

Ndinamupeza atakhala pakona chokumbatira mawondo, kakhalidwe kake kakale kaja. Sanafunse za shedi, sanafunse za ine. Anafunsa ngati Anamwino akhulupirira. Ndinamuuza kuti azakhali ake ali bwino, zikomo pofunsa, bondo likuwawa pang'ono chabe. Sanaseke. Anati akamubweza m'katimo ulendo uno ndisavutike ndi sopo, chifukwa amene adzatuluke sadzakhala iye. Anayesetsa, anati, ndipo tayala linamupezabe.

Ndinamufotokozera za mabala a sowo pakati pa zitsulo. Ndinkayembekeza kuti alira. M'malo mwake anadzuka ngati ndamutukwana.

“Pakati? Ndiye anthu akukhulupirira kuti ine ndingacheke pakati? Andinyonge ngati akufuna, Azakhali, koma asandinyoze.”

Ndinamuuza kuti atsitse mawu, anene zomveka. Anayang'ana Asajeni, anayang'ana ine. Chinali chinsinsi cha ntchito yake, chimene chinkamudyetsa, ndipo sanauzepo ngakhale wa tiyi wamkaka uja. Zimenezo zinandikomera. Pomaliza ananena. M'kati mwa paipi iliyonse amaikamo kandodo kachitsulo kolimba, kopaka gilisi, kosawotcherera paliponse, kongokhala momasuka, n'kutseka kumapeto konse. Sowo ikaboola paipi n'kufika pa kandodoko, kamangozungulira. Mano a sowo alibe pogwira. Ukhoza kucheka mpaka imvi.

Asajeni anafunsa kuti nzeru imeneyi anaitenga kuti. Anaweramitsa mutu, nati zitsulo za m'chipinda cha chilango kundende zili choncho. Anazidziwa ulendo wina atayesa kuthawa ndi kachidutswa ka sowo, n'kuthera zala zokha. Mphunzitsi wa kushopu ndi amene anadzamufotokozera chifukwa chake, akumuseka.

“Ndiye amadziwa ndani?” ndinafunsa.

“Amene anagonamo n'kuyesa kuthawa. Kapena amene watsegula chitsulo changa n'kuona m'kati.”

Potuluka Asajeni anati zimenezi zikusonyeza kuti wochekayo sankadziwa, koma woweruza adzati mbava yochenjera ikhoza kunamizira umbuli. Iwo akufuna munthu wokhala ndi miyendo, osati nzeru. Ndinawauza kuti munthu ndiwapezera, miyendo ndi mimba yomwe, iwo angosamala kuti mwana wanga asadye nyemba zosapsa.

*

Wometa ndi bambo wa pakamwa posatseka, koma atamva funso langa lumo linayamba kumuvuta. Amisiri ankauza aliyense kuti Loweruka anaonera mpira wonse pamenepo, pampando wa kutsogolo. Wometayo anati inde anali pampando wa kutsogolo, poti anachita kudzutsapo munthu. Ndinafunsa kuti nthawi yanji. Anati iye saona nthawi, amaona mitu. Ndinakhala pampando wometera, n'kuyamba kumasula duku, ndikuti sindichoka mpaka andimete mpala ndipo ndikauza msewu wonse kuti anachita dala. Anaulula. Amisiri anafika mpira utatsala pang'ono kutha, thukuta mpaka m'nsapato, nafunsa kuti ovala zofiirawo ndi ati. Chigoli chitalowa anthu onse anawomba m'manja, iwo anangokupiza zigongono ngati nkhuku.

Ndinamanganso duku, n'kukwera msewu.

Shopu ya Amisiri ndi yaikulu, ya chikwangwani cha zilembo zofiira, koma m'kati munali zii. Geti limodzi ladzimbiri linatsamira khoma, akangaude atamanga kale midadada yawo. Ndinawapeza akulamula mpweya, poti antchito anathawa kalekale. Ndinapinda bondo pang'ono, ndikuwatchula Amisiri aakulu, ndinawauza kuti ndabwera kudzagonja: mwana uja wandichititsa manyazi, iwo ankanena zoona. Nkhope yawo inawala ngati poto wokwecha ndi mchenga. Ndinawapatsa dzanja. Anandipatsa nsonga za zala, koma ine ndi nkhalamba yosaphunzira, ndinagwira chikhatho chonse n'kufinya ndi chikondi. Anatulutsa kamawu ngati kamwana ka mphaka. M'manjamo munali matuza okhaokha, ena ophulika. Anati ndi moto. Moto wa masiku ano ndi waulemu, umawotcha motsata chigwiriro cha sowo.

Kuseri kwa chitseko ndinaona mapaipi angapo atsopano, iliyonse ili ndi kandodo m'kati, koma onse odulidwa pakati bwinobwino n'kutayidwa. Ndinadziwa kuti munthu wakhala akuyesa kuphika chimene anangolawa, ndipo chikumupserera.

Ndiye ndinathira mchere. Ndinadandaula kuti chomvetsa chisoni n'choti msewu wonse ukunena kuti mwanayo ndi mbava inde, koma zitsulo zake palibe angazifike. Ngakhale Anamwino akuti adzamudikira mpaka atuluke kuti adzawakonzere zeneralo, chifukwa ena onse amangomata ngati ana oumba ng'ombe zadothi. Anamwino sananene zimenezo. Mulungu andikhululukira, amandidziwa.

Khosi la Amisiri linatupa ngati la nkhukutembo. Anati anthu a kuno ndi akhungu. Iwo ali ndi luso latsopano limene dziko silinaonepo, chitsulo chosadulika, chochokera m'mutu mwawo. Ndinati ndi pakamwa aliyense amapanga ndege. Ndinawonjeza kuti Lachitatu kuli msonkhano wa komiti yawo wokambirana za chingwe, anthu onse adzakhalapo, Anamwino kutsogolo, koma mwina ndi bwino asabweretse, kuopa manyazi a pagulu sowo ikadzalowa.

“Idzalowa pati?” anatero. “Mubwere ndi sowo yanu, mayi. Mubwere ndi msewu wonse.”

Ndinabwera ndi Asajeni.

*

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya papulaimale, ana ataweruka. Akuluakulu tinadzipanikiza m'madesiki, mawondo kukhosi. Asajeni anaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo, ngati munthu wobisala dzuwa.

Amisiri analankhula bwino, ndisawamane. Anatchula amayi ogona ndi nsapato chifukwa cha mantha, anatchula mlonda wa pagolosale amene akuba anamutema mutu, anatchula bulangete la Amatimati, ndipo anthu ankavomera ndi mtima wonse chifukwa zinali zoona. Anati munthu akaba kamodzi mwina ndi njala, koma akabwerera kachiwiri ndiye kuti ndi magazi, ndipo magazi sachapidwa ndi sukulu ya m'ndende. Anapempha kuti tikweze manja, komiti ikauze aboma kuti dera lathu likufuna lamulo: wobwereza, chingwe. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anayesa kunena kuti ndende ikakonzedwa anthu amakonzeka, koma anamuzimitsa ndi malikhweru. Manja anakwera ambiri. La Anamwino linali pamiyendo. La Amatimati linatsala pang'ono kuboola denga.

Kenako Amisiri anasolola m'saka chitsulo chakuda, penti akunyezimira, nachigoneka pakati pa madesiki awiri. Anati mbava ikachoka anthu asadere nkhawa za mazenera, mmisiri weniweni alipo. Anaitana aliyense wodzimva mphamvu. Wogulitsa nyama anavula malaya, anagwira sowo, nacheka. Inalowa pang'ono, kenako inayamba kuterereka ngati ili pa sopo. Anayesa wina, chimodzimodzi. Anthu anawomba m'manja. Amisiri anafotokoza za kandodo kozungulira m'kati, maso ali pa Anamwino, mawu ali pamwamba ngati akulalikira.

Ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu, poti desiki ndinali nalo kale.

Ndinati ine sukulu ndinangoinunkhiza, andithandize. Nzeru yokongola chonchi anaitenga kuti? Anati m'mutu. Ndinafunsa kuti liti. Anati akhala akuilingalira zaka zambiri, osauza munthu. Ndinati n'zodabwitsa, chifukwa Asajeni ali pachitsekowo anauzidwa kale za kandodo komweko m'selo, ndi munthu wa unyolo m'manja. Mitu yonse inatembenuka. Asajeni anangovomera ndi chibwano.

“Ndiye nzeru imeneyi, Amisiri, kwathu kuno ili ndi masukulu awiri okha. Ina ndi chipinda cha chilango kundende, ya amene anayesa kuthawa. Ina ndi zenera la kuseri kwa Anamwino. Inu munaphunzira iti? Tiuzeni tikudziweni bwino.”

Amisiri anadziguguda, nati iwo chibadwire sanapondepo pakhomo la ndende, aliyense akudziwa. Ndinati ndikuwakhulupirira ndi mtima wanga wonse. Apo m'pamene anamva chimene anena, kukamwa n'kutsala yasa.

Ndinadzisolola m'desiki movutikira, ndinapita kutsogolo, n'kupala chitsulocho ndi kiyi wa chitseko changa. Penti wakudayo anali asanaume bwino, anasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Pansi pake panali pobiriwira. Anamwino anaimirira. Asajeni anabwera pang'onopang'ono, mwa mayendedwe awo enieni, anatembenuza chitsulocho, naonetsa anthu mabala a tchizulo kumapeto kwake.

Amisiri anayamba kuthamangitsa mawu. Anati anachitola m'ngalande. Atafunsidwa za matuza anati ndi moto. Atafunsidwa za wailesi anati ndani angabe wailesi yogwira siteshoni imodzi. Anamwino anafunsa mofatsa, ngati akufunsa wodwala, kuti zimenezo azidziwa bwanji. Kumbuyo wina anatsamwa.

Kenako anasintha njira. Anati sikunali kuba, kunali kufufuza. Monga wapampando wa chitetezo anayenera kuyesa ngati zitsulo za mbava n'zolimba, ndipo wailesi ndi ayironi anangozisunga pansi pa bedi kuti nkhani imveke. Asajeni anawafunsa ngati tayala lija nalonso linali la kafukufuku. Pamenepo amuna angapo amene anali m'gulu lija anayamba kuwerenga zolemba za ana pamadesiki. Asajeni anamasula unyolo palamba, nandiuza kuti ndikatereke madzi osamba, mwana wanga agona kunyumba lero. Ine ndinakhala pa desiki ya aphunzitsi osapempha.

Amatimati ndi okhawo amene anali asanagwedezeke. Anaimirira, nakwezanso dzanja lija m'mwamba.

“Ine ndili ndi funso kwa apampando. Mwati wobwerera kachiwiri ndi magazi. Msana umenewo ndinauona Loweruka lija, ndinauonanso Loweruka linalo. Ndiye dzanja langali nditsitse, kapena likhale?”

Wometa anati chingwe choyanikira matawulo ali nacho pafupi. Wogulitsa nyama anati pa thupi limeneli chimenecho sichingakwane, abwereke cha ng'ombe. Amisiri anayang'ana uku ndi uku, kufuna nkhope imodzi yachifundo. Anayamba kunena kuti nkhani za malamulo sizifuna kupupuluma, munthu ndi munthu, amalakwa, ndipo akapatsidwa mpata amasintha. Mphunzitsi wopuma uja anapempha kuti abwereze mokweza, kumbuyo sanamve bwino.

Unyolo utalira pamkono, Amisiri anatembenukira kwa Asajeni, thukuta likudontha pamphuno, nalankhula ndi mtima wonse ngati munthu wonena zachilungamo.

“Koma mulembe kamodzi, bwana. Loweruka loyambalo musawerengere. Sindinabe kanthu, sowo inathyoka.”

Woyamba kugwa ndi phwete anali Amatimati, dzanja likadali m'mwamba. Kenako kalasi yonse inapasuka, madesiki kugwedezeka, wogulitsa nyama akumenya khoma, ngakhale Asajeni anachita kuluma mlomo. Amisiri anatuluka pakati pa anthu ogwira nthiti, mimba patsogolo, akucheukabe kufunsa ngati zalembedwa kamodzi.